Ku KwaZulu-Natal Tikapite Ngati Abale

Mwezi wathawu mnzanga wa m'kalasi anandionetsa kapepala kotsatsa malo okopa alendo ku KwaZulu-Natal, chigawo cha kum'mawa kwa South Africa. Pachikuto panali chipembere, pambali pake gombe la Durban, ndipo pakati mwamuna wachizulu atavala zikopa, nthungo ili m'manja. Chinandiwawa n'chakuti munthuyo anamuika pamzere umodzi ndi nyama, ngati nayenso ndi chinthu choti mlendo ajambule n'kumapita.

Sindikukana kuti chigawochi n'chokongola. Nyanja ya mchere kumeneko ndi yofunda, ndipo ku Durban anthu amasambira ngakhale mu Julayi pamene ku Johannesburg kukuzizira koopsa. Ku St Lucia, m'mphepete mwa iSimangaliso Wetland Park, mvuu zimatuluka usiku n'kumadya udzu m'misewu ya m'tauni. Paki ya Hluhluwe-iMfolozi, imene inakhazikitsidwa mu 1895, ndi kumene zipembere zoyera zinapulumukira zitatsala zosakwana 100, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Ian Player ndi anzake anayamba kuzitumiza kumapaki ena. Ifenso tinapindula nawo: zipembere zakuda 17 zimene zinafika ku Liwonde mu 2019 zinachokera m'chigawo chomwechi.

Koma Mmalawi akangoona nyama ndi gombe n'kubwerako, ndiye kuti wawononga ndalama za basi. Mvuu tili nazo mu Shire.

Chimene sitingachipeze kwathu ndi chiyambi cha mbiri ya ambiri a ife. Zwangendaba anachoka m'dera limeneli Shaka atagonjetsa a Ndwandwe, ndipo anthu ake anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana. Angoni a ku Mzimba ndi zidzukulu zawo. Angoni a Maseko a ku Ntcheu ndi Dedza anadzera njira ina, koma nawonso anachokera kum'mwera komweko. Wophunzira amene anakula akuona ingoma, kapena kumva anthu akufuula "Bayethe" pamaso pa Inkosi ya Makosi, akafika ku KwaDukuza kumene kuli chikumbutso cha Shaka sangaime ngati mzungu wongodutsa. Mfumu imeneyi, yomwe inaphedwa mu 1828, ndi imene inachititsa kuti agogo ake asamuke.

N'chifukwa chake ndikuti mukakhala ndi tsiku limodzi lokha, musalithere m'midzi yomangira alendo, mmene anthu amavina nthawi ikakwana kenako n'kuvula zikopa. Mudzi wina wotchuka wa mtunduwu, Shakaland, unamangidwa poyamba kuti ajambulirepo filimu ya Shaka Zulu. Ovinawo sindikuwanyoza, akusaka chakudya cha ana awo. Koma pitani ku Isandlwana. Pa 22 Januwale 1879, asilikali a Mfumu Cetshwayo, ambiri atanyamula nthungo ndi zishango, anagonjetsa gulu lankhondo la Britain la mfuti, ndipo mbali ya Britain inataya anthu oposa 1,300. Milu ya miyala yopakidwa njereza idakali m'tsinde mwa phirilo, kusonyeza pamene anakwirira mitembo. Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi Ulundi inatenthedwa, ndipo pambuyo pake ufumuwo unagawidwa. Azulu amene anafa tsiku la Isandlwana analinso ochuluka, ndipo wokutsogolerani akakhala wa m'deralo, mudzamva nkhani ya iwowo.

Wina anena kuti ubale ndikukambawu ndi wa m'mabuku chabe. Ali ndi mfundo. Mu Epulo 2015 anthu obwera anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'madera a Durban, ndipo boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi amene anataya zonse. M'mipingo yathu muli mabanja amene analandira achibale atangonyamula kachikwama kamodzi. Zimenezi kapepala kaja sikanena, ndipo ine sindingauze munthu kuti aziiwale.

Komabe ndikuona kuti zimenezi zikuwonjezera chifukwa chopitira ndi maso otseguka. Amene anathamangitsa Mngoni wa ku Ntcheu mwina sankadziwa kuti akuthamangitsa mdzukulu wa anthu a kwawo komweko, ndipo ifenso ambiri timangodziwa South Africa ngati malo a ganyu ndi kooda katundu. Ku Inanda kuli sukulu ya Ohlange imene anayambitsa John Dube, pulezidenti woyamba wa chipani chimene lero ndi ANC, ndipo ndi pomwe Nelson Mandela anaponyera voti yake mu 1994. Ili pafupi ndi Durban, ulendo wa minibasi.