Mwasiya Nkhumba, Nanga Mafuta a m'Chiwayamo?

Musatinamize, achimwene. Akuti ku China munthu akangosiya nyama, matenda amayamba kumulambalala. "Taonani amonke a Chibuda," mukutero, "sadziwa n'komwe khomo la chipatala." Mwawayeza liti magazi amonkewo?

Mwambowu ndi wakale, sitikukana. Mfumu Wu ya ufumu wa Liang, yomwe idalamulira kuyambira 502 mpaka 549, ndiyo idalimbikira kuti amonke asiye nyama. Koma idatero pochitira chifundo zamoyo. Za mitsempha ya mtima sizinali m'mutu mwake.

Lowani m'lesitilanti ya osadya nyama ku Shanghai muone zomwe zikubwera patebulo. Pali "tsekwe" wopanda nthenga: khungu la mkaka wa soya lokulungidwa bwinobwino, kenako n'kukazingidwa mpaka kuchita psuu. Pali kaofu, chofufuma cha tirigu chodzaza timabowo, chomwe ambiri amayamba achikazinga asanachiphike mu msuzi wa soya ndi shuga, ndipo mukachiluma mafuta amatsetserekera kuchibwano. Mabilinganya nawo amamwa mafuta osaleka. M'mawa pali youtiao, mandasi ataliatali. Nyama mulibe, zoona. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Bungwe la Chinese Nutrition Society limati munthu asapitirire magalamu 25 mpaka 30 a mafuta ophikira patsiku. Lipoti la boma la China la 2020 lidapeza kuti anthu amadya opitirira magalamu 40. Muti chiwerengerocho ndi cha onse, odya nyama ndi osadya omwe. Eya. Nanga wosadya nyamayo amakazingira madzi?

Nkhani yagona pa kutupa, koma osati kwa chithupsa. Ndi kuja kwa m'kati, kosapweteka, kokhalitsa zaka, komwe madokotala amakuyeza poona CRP, puloteni yopangidwa ndi chiwindi, ndipo kumayendera limodzi ndi matenda a mtima ndi shuga. Chilungamo tinene: kafukufuku wambiri amapeza CRP yotsikirapo mwa osadya nyama, ndipo ku Taiwan, pakati pa Abuda a bungwe la Tzu Chi, osadya nyama adapezeka kuti sadwaladwala shuga ngati anzawo. Koma phindulo labwera ndi nyemba, ndiwo zamasamba ndi thupi losanenepa. Simungalilande n'kulipachika pa mbale ya zokazinga zokhazokha, ngati kuti dzina loti "zamasamba" limachapa mafuta.

Ndipo pali bowo lomwe simufuna kuliona. Mafuta a omega-3 otchedwa EPA ndi DHA, omwe thupi limapangira zinthu zoziziritsa kutupa, anthu ambiri amawapeza m'nsomba. Wosadya nsomba amadalira ALA, omega-3 wa m'zomera, kuti thupi limusandutse lokha. Limasandutsa pang'ono chabe, DHA ndiye wochepetsetsa. Kafukufuku wa EPIC-Oxford ku Britain adasonyeza mu 2005 kuti osadya nyama ali ndi EPA ndi DHA wochepa m'magazi kusiyana ndi odya nyama. Choipa china n'chakuti ALA amalimbirana khomo limodzi ndi linoleic acid, omega-6 wodzaza m'mafuta a soya, a chimanga ndi a mpendadzuwa. Mafuta a soya, theka lake ndi linoleic acid yemweyo. A mtedza ndi a mpendadzuwa ALA mulibe n'komwe woti n'kuwerengera. Tsono munthu wasiya nsomba, wathira botolo lonse la omega-6 m'chiwaya, ALA adutsira pati?

Apa ndiye pabwera msuweni wanu wa pa Facebook, thukuta lili kamukamu: "Mwaona! Mafuta a mbewu ndi poizoni, bwererani ku mafuta a nkhumba!" Khalani pansi, inunso. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Mu 2012 ofufuza Johnson ndi Fritsche adasanthula mayeso ochitidwa pa anthu athanzi, ndipo sadapeze umboni woti linoleic acid amakweza zizindikiro za kutupa m'magazi. Mlandu ndi kuchuluka kwa mafutawo, kusowa kwa omega-3, ndi kuwatenthetsa mobwerezabwereza mpaka kuda bii ngati a pachiwaya cha tchipisi Loweruka madzulo. Mafuta a nkhumba sakonza chilichonse mwa zitatuzi, angokwezerani kolesterolo.

Chokwiyitsa n'chakuti mankhwala ake ali m'munda mwa Achina eni ake. Ku Gansu ndi ku Ningxia anthu akhala akuyenga huma you, mafuta a mbewu za fulakesi, omwe pafupifupi theka lake ndi ALA. Mafuta a perilla ndi chimodzimodzi. Ku Sichuan amaphikira a rapeseed, omwe ALA alimo ndithu. Mtedza wa walnut uli mbwee m'misika. Supuni ya mafuta a fulakesi pa ndiwo zopsa kale, osati m'moto wa chiwaya poti amawonongeka msanga, siphwanya lamulo lililonse la kukachisi.

Muti DHA weniweni ali m'nsomba basi? Nsombayo idamutenga kuti? Ku ndere za m'nyanja. Mafuta a ndere zimenezo akugulitsidwa m'makapisozi, popanda kupha ngakhale kansomba kamodzi. Tiuzeni chowiringula china.