Loya wa Munthu Wosatha Kudzinenera

M'chaka cha 2016 akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Gauteng, ku South Africa, anachotsa odwala matenda a misala oposa 1,000 m'zipatala za Life Esidimeni, naŵatumiza ku timabungwe tating'onoting'ono, ati pofuna kupulumutsa ndalama za boma. Kumeneko ena anafa ndi njala ndi ludzu, ena ndi chisanu, ena chifukwa chosoŵa mankhwala. Lipoti la Pulofesa Malegapuru Makgoba, limene linatuluka mu February 2017, linaonetsa kuti mabungwe 27 amene analandira odwalawo analibe ziphaso zoyenera. Potsiriza pake chiŵerengero cha akufa chinafika pa 144.

Abale sanangolira maliro nkubwerera kwao ai. Maloya a bungwe la SECTION27 anaimira ambiri mwa mabanja oferedwa, pamene a Legal Aid South Africa anaimira odwala opulumuka. Mu March 2018 Jaji Dikgang Moseneke analamula kuti banja lililonse limene linali pa mlanduwo lilandire chipepeso cha marandi 1.2 miliyoni. Mu July 2024 khoti lalikulu ku Pretoria linapeza kuti kusasamala kwa akuluakulu aŵiri a zaumoyo ndiko kunachititsa imfa za anthu 9 mwa iwo.

Nkhani imeneyi ili ndi phunziro kwa banja lililonse limene linasiya mbale wake, kaya wodwala kaya wokalamba, m'nyumba zosungirako anthu. Alipo onena kuti mlandu suukitsa wakufa, ndipo kuti kusumira anthu chifukwa cha gogo nkusandutsa maliro malonda. Mau ameneŵa amveka ngati a ulemu, koma opindula nawo ndi eni nyumba zija. Nkhalamba yoiŵalaiŵala singathe kunena amene anaimenya, kapena masiku amene inagona pa zofunda zonyowa. Abale akakhala chete, bedi lomwelo alowetsapo kholo la munthu wina, ndipo zilonda za pogona zidzayamba chimodzimodzi.

Tsono loya woyenera apezeka bwanji? Choyamba, banja lifufuze ngati munthuyo ndi loya weniweni. Ku South Africa maloya onse amalembedwa m'kaundula wa Legal Practice Council, ndipo amene asunga ndalama za anthu ayenera kukhala ndi chikalata cha Fidelity Fund cha chaka chomwecho. Suti yokongola ndi chikwangwani pakhomo si umboni.

Chachiŵiri, ulemu usaletse kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Maloya ali ngati aphunzitsi: wodziŵa masamu sangaphunzitse bwino mbiri. Katswiri wa milandu ya nyumba ndi malo akhoza kusokonezeka ndi mapepala a kuchipatala. Banja lifunse kuti milandu ya mtundu umenewu waiyendetsa ingati, ndi dokotala uti amene adzaŵerenga mapepalawo, ndiponso ndani adzayendetsa mlandu tsiku ndi tsiku. Loya amene alonjeza chipambano asanaone pepala ndi limodzi lomwe, ameneyo ngwofunika kumuthaŵa.

Chachitatu ndi malipiro. Lamulo la Contingency Fees Act la 1997 limalola loya kugwira ntchito pa pangano lakuti adzalipidwa mlandu ukapambana. Koma panganolo liyenera kulembedwa, ndipo malipiro ake asapyole kuŵirikiza kaŵiri mtengo wa masiku onse, kapena 25 pa 100 ya chipepeso. Banja lifunsenso amene adzalipira madokotala ochitira umboni ndi maloya a mbali inayo ngati mlandu uluza.

Chachinayi ndi nthaŵi. Makolo anati mlandu suola, koma m'makhoti a masiku ano umaola ndithu. Kaŵirikaŵiri mlandu wofuna chipepeso umatha mphamvu pakapita zaka 3, ndipo ngati wolakwa ndi nthambi ya boma, lamulo la 2002 lifuna kuti ilandire chidziŵitso cholemba pasanathe miyezi 6. Banja lodikira kuti misozi iume kaye likhoza kupeza chitseko chotseka.

Komabe loya sangaumbe mlandu popanda dothi. Dothi lake ndi zithunzi za zilonda, tsiku la chochitika chilichonse, maina a antchito, ndi makalata odandaula. Pano mpamene mnyamata kapena mtsikana amene wangotsiriza sukulu angathandize akwao, pakuti kope la masamba ochepa lolembedwa mokhulupirika limalemera m'khoti kuposa mkwiyo wa banja lonse. Nkhanza iyeneranso kunenedwa msanga kupolisi ndi kwa a zachisamaliro cha anthu, monga momwe lamulo la Older Persons Act la 2006 lifunira.

Loya amafika zinthu zitaonongeka kale. Mlonda woyamba wa gogo ndi mbale amene amabwera mosayembekezeka, navundukula bulangete, nafunsa zimene gogo wadya tsiku limenelo. Koma zimene wapeza pansi pa bulangetepo zikakhala zoopsa, asachite manyazi kugogoda pa ofesi ya loya maŵa lake lomwe.