Abusa, tiuzeni zomwe munaphunzira za Mesiya

Pali kabodza kena kamene timakakonda m'mipingo yathu, ndipo kamakoma kwambiri kakamatuluka pa sipika. Mlaliki amaima pamsika, kaya pa Benga kaya pafupi ndi mlatho wa Chia pomwe ogulitsa amathamangira galimoto iliyonse atanyamula chambo m'manja, n'kulengeza kuti Chipangano Chakale chili ndi maulosi mazanamazana onena za Yesu, omveka bwino moti ndi mwana wa sitandade 1 yemwe sangaphonye. Ayuda amene sanamuzindikire, akutero iye, anali ouma mitu basi. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Mlalikiyo ndilibe naye chifukwa, akunena zomwe anamva. Mlandu wanga uli pa abusa amene anatha zaka pa koleji ya zaumulungu ku Zomba kapena ku Nkhoma, amadziwa kuti nkhaniyi si yophweka choncho, koma paguwa amakhala chete.

Tiyambe ndi Yesaya 7, mutu umene timawerenga Khirisimasi iliyonse. Cha m'ma 734 Khristu asanabadwe, Ahazi mfumu ya Yuda anali pa mpanipani. Rezini wa ku Damasiko ndi Peka wa ku Samariya anapangana zomuthira nkhondo. Yesaya anam'patsa chizindikiro cha mwana amene adzabadwe, ndipo vesi 16, limene sitiliwerenga chifukwa timaima pa 14, limanena kuti mwanayo asanafike posiyanitsa chabwino ndi choipa, maiko a mafumu awiriwo adzakhala bwinja. Damasiko anagwadi m'manja mwa Asuri mu 732. Ndiye ndifunse: mfumu yomwe adani ali pakhomo ikanalimba mtima bwanji ndi mwana wodzabadwa patapita zaka 700? Chimodzimodzinso Hoseya 11:1, lomwe Mateyu analigwiritsa ntchito pa ulendo wa khanda Yesu wochokera ku Igupto. Werengani nokha. Hoseya akukamba za mtundu wa Israeli pa nthawi ya Mose, ndipo akuyang'ana m'mbuyo, osati kutsogolo.

Mateyu sanali mbuli. Ankadziwa Hoseya kuposa ine ndi inu. Chomwe ankanena n'choti mbiri ya Israeli yabwerezedwa ndipo yafika pachimake mwa munthu mmodzi. Chimenecho ndi chiphunzitso chozama, chosiyana kwambiri ndi kutenga Chipangano Chakale ngati chiphaso cha unzika chokhala ndi chithunzi, dzina ndi tsiku lobadwa la Mesiya, chongofunika kuyerekeza ndi nkhope.

Chiphaso chotere chikadakhalapo, Ayuda okhaokha sakadasiyana maganizo. Koma anasiyana. Mipukutu yomwe inayamba kupezeka ku Qumran mu 1947 ikusonyeza kuti gulu la kumeneko linkadikira odzozedwa awiri, wina wa banja la ansembe la Aroni, wina wolamulira Israeli. Mu 132 Khristu atabadwa, Rabbi Akiva, katswiri wa Malemba wosayerekezeka m'nthawi yake, anakhulupirira kuti Bar Kokhba, mtsogoleri wa nkhondo youkira Aroma, ndiye nyenyezi ya pa Numeri 24:17. Pofika 135 nkhondo inatha ndi maliro osaneneka. Ndipo mu Yesaya 45:1, amene Mulungu akumutchula wodzozedwa wake ndi Koresi, mfumu ya Aperisi yosapembedza n'komwe Mulungu wa Israeli.

Nanga Yesaya 53, mtumiki wozunzika uja? Kwa ine Mkhristu, palibe mutu wina m'Chipangano Chakale umene umandionetsa mtanda ngati umenewu. Komabe mitu yoyandikana nawo, monga 41, 44 ndi 49, imamutchula mtumikiyo dzina, ndipo dzinalo ndi Israeli. Origen, polemba cha m'ma 248, anafotokoza kuti anatsutsanapo ndi Ayuda ophunzira amene ankati mutuwu ukunena za mtundu wawo wonse. Rashi, amene anamwalira mu 1105, anaumasuliranso chomwecho. Anthu amenewa si ouma mitu. Anawerenga mitu yoyandikana yomwe ife timailumpha. Chosangalatsa n'choti munthu woyamba m'Baibulo kufunsa funsoli poyera anali mnzathu wa mu Africa muno, nduna ya ku Ethiopia ya pa Machitidwe 8. Inali ndi mpukutu m'manja, kuwerenga inkatha, koma inafunsabe Filipo ngati mneneri ankanena za iye mwini kapena za wina. Filipo sanaikalipire. Anakwera pagaleta n'kukhala nayo pansi. Lero mnyamata akafunsa funso lomwelo m'kalasi ya ubatizo amauzidwa kuti ali ndi mzimu wokayikira. Safunsa anadya phula, koma ife tasandutsa kufunsa kukhala tchimo.

Ndikumva kale wina akuti, ndiye iwe ukuti Yesu si Mesiya? Ayi. Ndikunena zomwe Luka 24 ikuonetsa. Ophunzira awiri a pa njira ya ku Emau ankawadziwa aneneri kuyambira ali ana, koma sanaone Mesiya wophedwa m'menemo mpaka wouka kwa akufayo atawatsegulira. Akhristu oyamba anayambira pa manda opanda kanthu, n'kubwerera m'Malemba ndi maso atsopano. Akatswiri ambiri, kuyambira Sigmund Mowinckel wa ku Norway m'zaka za m'ma 1950 mpaka wansembe wachikatolika Joseph Fitzmyer mu 2007, anasonyeza kuti chiyembekezo cha Mesiya mmodzi wakutsogolo chinakula pang'onopang'ono, makamaka ufumu wa banja la Davide utagwa. Mu 2001 bungwe la Papa loona za Baibulo linatulutsa chikalata, chokhala ndi mawu oyamba a Joseph Ratzinger, chovomereza kuti mmene Ayuda amawerengera Malemba awo ndi kuwerenga kotheka. Alipo otsutsa, ndipo si anthu wamba: Walter Kaiser analemba buku mu 1995 loikira kumbuyo ganizo lakuti aneneri ankalosera Yesu mwachindunji. Chabwino. Mtsutsowo ubwere kuno, m'Chichewa, anthu aumve okha.

Wina ati izi ndi za azungu ndi Ayuda, zikumukhudza bwanji msodzi wa kwa Mwadzama? Zikumukhudza chifukwa kuno Mkhristu ndi Msilamu amakoka khoka limodzi, amakwatirana, amaikana maliro, kuyambira nthawi ya a Jumbe ndi mishoni ya Anglican yomwe inakhazikika pa Nkhotakota mu 1894. Msilamu nayenso amamutchula Isa kuti Masihi, ngakhale samuona monga timamuonera ife. Ndipo amene anamvera matepi a Ahmed Deedat wa ku Durban amadziwa kutsegula Deuteronomo 18:18 n'kunena kuti mneneri wonga Mose ndi Muhammad. Mkhristu woleredwa ndi mavesi ozula amasowa poyankhira, chifukwa mnzakeyo akungochita zomwe iye anaphunzitsidwa: kuzula vesi limodzi, kuiwala za m'mbali, n'kumatapo dzina lomwe ukufuna. Zotsatira zake ndi kukuwizana, kenako chidani pakati pa anthu a mudzi umodzi.

Choopsa chachiwiri n'cha m'nyumba mwathu momwe. Mtundu wozolowera kumata dzina pa vesi umamatanso dzina la aliyense. Kamuzu atatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958 tinamutcha mpulumutsi, ndipo tikudziwa zomwe zinatsatira kwa iwo omwe anamukweza, a Chipembere ndi a Chiume, pofika 1964. Lero odzozedwa achuluka pa wailesi ndi pa Facebook, ndipo ukawafunsa za ndalama za chopereka amakutsekera pakamwa ndi Salimo 105:15, vesi lonena za Abrahamu ndi ana ake pamene anali alendo ochepa m'dziko la eni. Vesilo silinalembedwe kuti liteteze munthu wa galimoto zitatu kwa mayi wamasiye wofunsa lisiti.

Dera lino silosauka pa nzeru za Mulungu. Leonard Kamungu, Mmalawi woyamba kukhala wansembe wa Anglican mu 1909, anali mwana wa m'mbali mwa nyanja ino. Anaphunzira ku Zanzibar, anatumikira pa Nkhotakota, anakamwalira ku Msoro m'dziko la Zambia mu 1913, ndipo koleji ya Anglican ku Zomba ili ndi dzina lake. Buku Lopatulika tili nalo kuyambira 1922, Buku Loyera kuyambira 1998. Papita zaka zoposa 100 anthu akuwerenga Yesaya m'chinenero chawo, koma mabuku omasulira Yesaya amakhalabe m'Chingerezi, m'kabati ya abusa, kiyi ali m'thumba.

Abusa ndi abambo a ku parishi, Advent ikubwerayi musaime pa vesi 14 la Yesaya 7. Werengani mpaka 17, muwauze anthu za Ahazi, Rezini ndi Peka, kenako muwaonetse chifukwa chake Mateyu anaona Yesu m'menemo. Akhristu a kwa Mwadzama si ana, ndipo chopereka chawo ndi chomwe chinakulipirirani sukulu.