Nthawi ikakuthera pa chess, wagonja basi

Wophunzira akagonja pa chess chifukwa nthawi yamuthera, amakonda kudandaula kuti mnzake wamubera. Ine ndikuti ayi, mnzakeyo wapambana mwachilungamo.

Mu 2019, pa mpikisano wa dziko lonse wa chess yothamanga ku Moscow, Alireza Firouzja, wa zaka 16, adampanikiza Magnus Carlsen, koma nthawi idamuthera. Adachita apilo, oweruza adakana. Lamulo la FIDE ndi lomveka: nthawi ikakuthera wagonja, pokhapokha ngati palibiretu njira yoti mnzako nʼkukola mfumu yako. Zikatero mwafanana mphamvu.

Osewera onse awiri amapatsidwa mphindi zofanana. Woganiza nthawi yaitali amapeza mayendedwe abwino, koma mtengo wake ndi mphindi zomwezo. Wina amasankha kusunga zake. Wabera ndani pamenepa?

Ana inu, pa MSCE woyangʼanira mayeso akati lekani kulemba, yankho lotsalira mʼmutu silibweretsa malikisi.

Makolo ndi a komiti, tiwagulire anawa mawotchi a chess kuti azolowere. Ndipo wogonja azipatsa moni wa mʼmanja mnzake mosanyinyirika.