Ku Lifupa Tipite Ndi Ndalama Zathu

Nkhalango ya Kasungu inakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa a nyama m'chaka cha 1970, ndipo m'chaka cha 2022 Boma linasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. M'kati mwa nkhalangoyi muli malo ogona alendo a Lifupa, m'mbali mwa damu momwe mvuu zimakhala ndi pomwe njovu zimadzamwa madzi. Malo otere ndi ulemu wa dziko lathu, ndipo palibe cholakwa kuti wantchito wa Boma akapumuleko pa tchuthi chake, atatulutsa ndalama m'thumba mwake.

Chimene ife tikukana ndi chizolowezi cha akuluakulu ena a m'maofesi chotengera ku malo achisangalalo misonkhano imene ikanatheka pansi pa mtengo wa mango. Amakagona pa mabedi a wofuwofu, kutikitidwa msana ndi mafuta onunkhira, n'kubwerako ndi alawansi koma opanda mfundo.

Kodi ndalama zimenezo zimachokera kuti? Zimachokera kwa mlimi wa kwa Njombwa, amene amathirira nazale m'dzuwa la Okutobala, kuwokera mvula ikagwa, kusoka fodya mpaka usiku m'chigafa, ndi kudikira mtengo ku okushoni ya Chinkhoma. Fodya wakeyo ndiye amabweretsa ndalama zakunja zogulira mankhwala ndi feteleza.

Choncho tikupempha atsogoleri a Chipani ndi a Boma kuti msonkhano wa zaulimi uzichitikira kwa Njombwa komweko, alimi eniake akumva. Ku Lifupa mupiteko ndi mabanja anu mukalandira malipiro. Kusunga mwambo kumayambira pamenepo.