Makina aona mwera, koma wa pa bwato wamva?

Mwezi wathawu ndinali ku Thyolo kukazonda mphwanga amene amathyola tiyi pa esiteti ina. Pakati pa munda ndinaona mlongoti wachitsulo, pamwamba pali tizikho tozungulira ndi mphepo, m'munsimu kasola ndi kabokosi. Kapitawo anandiuza kuti chimayeza mvula, mphepo ndi kutentha, nkutumiza chokha manambala ku ofesi kudzera pa netiweki ya foni. Palibenso wopita m'mawa ndi kope kukawerenga madzi a m'botolo monga kale.

Ndinafunsa mphwanga ngati iye, amene ali ndi kamunda ka chimanga kuseri kwa tiyiyo, amamvako zomwe chapeza. Anangoseka. Chiperoni amachidziwira pa mawondo ake.

Nkhani imeneyi ndi yathunso kuno kunyanja. Kudzera mu pulojekiti ya M-CLIMES, imene inayamba mu 2017 ndi thandizo la UNDP ndi Green Climate Fund, boma linaika makina a zanyengo m'maboma ambiri, zoyezera madzi m'mitsinje ina ku Salima, Nkhotakota ndi Karonga, komanso zoyandama pa Nyanja ya Malawi zoyeza mphepo ndi mafunde. Ine sindikutsutsa. Ena amati kuneneratu za nyengo nkupikisana ndi Allah, ayi ndithu. Agogo athu ankayang'ana mitambo ndi kuuluka kwa mbalame asanakankhe bwato, ndipo palibe shehe anawaletsa.

Dandaulo langa ndi la njira imene uthengawo umayenda. Manambala achoka pa nyanja, apita ku Nthambi ya Zanyengo ku Blantyre, kenaka chenjezo lifike pa WhatsApp ya munthu wa m'tauni. Nanga mnyamata wokoka chilimira, amene foni yake ndi ya mabatani ndipo Chingerezi sachimva? Iyeyo amanyamuka madzulo ndi nyali zake kukasaka usipa, mwera nkumupeza pakati pa madzi usiku. Maliro otere tawaswalira kokwanira. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anachenjezedwa masiku angapo asanafike, komabe ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chilobwe anthu ambiri anawapeza ali m'nyumba zawo.

Chenjezo lizibwera m'Chichewa ndi m'Chiyao, lisanakwane nthawi ya Asr, pamene maboti asananyamuke. Wailesi ngati Dzimwe ndi Radio Islam zizilibwereza. Pa doko lililonse a komiti ya BVC asankhe munthu mmodzi wolandira uthenga, aziulengeza mokuwa kapena kukweza mbendera yofiira. A maesiteti nawonso sangaluze kanthu atauza midzi yowazungulira kuti mvula yagwa mamilimita angati sabata ino.

Tsono ifenso tili ndi mlandu wathu. Makina otere amafa chifukwa wina wazula sola ndi batire nkukagulitsa kuti anthu azitchajira mafoni. Mukaona batire yotchipa modabwitsa pa msika, funsani kaye kumene yachokera musanatulutse ndalama.