Eni Ace a Madzi a ku Pretoria

Abale athu a ku migodi ndi ku mapulazi, munthu akatsegula mpope napeza kuti mwauma, kapena madzi aturuka onunkha, afuna kudziwa amene angamfunse. Ku Pretoria funso ili liri lobvuta, pakuti madzi a mzindawu ali ndi eni ambiri, ndipo yense akafunsidwa aloza cala kwa mnzace.

Pamene Mabunu anamanga mudziwu m'caka ca 1855, anatsata akasupe a ku Fountains, nakumba ngalande, madzi nayenda okha kufikira pakati pa mudzi. Anthu atacuruka anamanga damu la Rietvlei, limene linatha mu 1934. Zonsezi zikali kugwira nchito, koma gawo lace ndi locepa. Madzi ambiri agulidwa kwa Rand Water, bungwe lobadwa mu 1903 cifukwa ca ludzu la Joni ndi migodi yace ya golide. Ilo litunga mu Vaal, ndi kukankha madzi ndi makina kukwera mtunda wa Witwatersrand. Vaal nayenso athandizidwa ndi mapiri a Lesotho, monga mwa pangano la 1986 limene linabala damu la Katse. Cakumpoto ndi cakum'mawa kuli mwini wacitatu, Magalies Water, amene asefa madzi ku Klipdrift ndi ku Cullinan, kwa mgodi wa dayamondi uja. Mabungwe awiriwa apikulitsa madzi, koma lamulo la 1997 liika udindo wakuwafikitsa pakhomo pa khonsolo, ndiyo Tshwane kuyambira mu 2000.

Zimene zicitika eni akapanda kupangana zinaoneka ku Hammanskraal. Zonyansa za m'zimbudzi za mbali yaikuru ya mzinda zipita ku Rooiwal kukayeretsedwa. Koma malowo anacepa, makina nakalamba, ndipo madzi osayera bwino anathiridwa mu mtsinje wa Apies. Kunsi kwace kuli damu la Leeukraal, m'mene makina a ku Temba atunga madzi akumwa. Taonani, wodetsa mtsinje ndi wotunga mu mtsinje anali mmodzi, khonsolo yomweyo! Mu 2019 bungwe loona za ufulu wa anthu linanena poyera kuti madziwo sayenera kumwedwa. Anthu anakhala zaka alikudikira galimoto za mathanki, zigubu ziri pa mzere, ndipo wosowa ndalama yogulira madzi a m'botolo anamwa amene anapeza. Mu May 2023 kolera inagwa, nipha anthu oposa 20 m'deralo. Ife a ku Malawi sitifuna wotiuza za nthendayi, pakuti mu 2022 ndi 2023 inatenga abale athu oposa 1,700.

Maliro atapita, pamenepo akuru anakhala pansi. Unduna wa madzi, khonsolo ndi Magalies Water anapangana kuti ku Klipdrift kumangidwe makina atsopano m'zigawo zinai, ciri conse copereka malita 12.5 miliyoni pa tsiku, kuti Hammanskraal imwe kumeneko pokonzedwa Rooiwal. Cigawo coyamba cinayamba kupereka madzi kuciyambi kwa 2025. Nzeruyo inali yabwino, koma sinali yozama kotero kuti idikire mitembo; Klipdrift inali pomwepo zaka zonsezo, ndipo cosowa cinali kumvana kokha.

Mlandu wina uli pakati pa khonsolo ndi Rand Water. Boma linaika malire a madzi amene bungweli lingatunge mu Vaal, ndipo ena oonjezera ayembekezeka pokhapokha damu la Polihali ku Lesotho litatha. Pa madzi omwewo adya Johannesburg, Ekurhuleni, Tshwane ndi migodi. Wina akakoka kopitirira, mathanki a mnzace atsika, ndipo oyamba kuuma ndiwo a pamtunda ndi a kumapeto kwa mipope, monga Soshanguve ndi Atteridgeville. Rand Water idandaula kuti makhonsolo atunga mopyola muyeso ndi kucedwa kulipira ngongole. Makhonsolo ayankha kuti madzi afika opanda mphamvu. Onse anena zoona pang'ono. Unduna uti munthu wa m'Gauteng atha malita 279 pa tsiku, pamene pa dziko lonse lapansi ndi 173. Mbale wokhala m'kacipinda ka kuseri, wosamba ndi cidebe cimodzi, asadabwe naco ciwerengero ici: muli madzi othirira maluwa a olemera, mulinso otayika m'mipope yoboola. Lipoti la boma la 2023 linapeza kuti mwa malita 100 ali onse m'dziko muno, 47 sabweza ndalama, ena atayika pansi, ena sanalipiridwe. Mu October 2024 ngalande ya pansi pa mapiri a Lesotho inatsekedwa miyezi yoposa 6 kuti ikonzedwe, ndipo caka comweco unduna, Rand Water ndi makhonsolo anakhazika bwalo limodzi loonetsa poyera madzi amene mzinda uli wonse utunga. Bwalo lotere tiliyamikira, komatu silimata mpope ndi umodzi womwe. Omata ndi khonsolo, ndi ndalama zace.

Inu a ku mapulazi nkhaniyi ikukhudzani koposa, pakuti madzi oturuka mu mzinda ndiwo alowa m'minda. Hennops agwera mu Crocodile, nafika ku damu la Hartbeespoort, m'mene acokera madzi othirira ndiwo zamasamba ku Brits; ndipo alimi a kunsi kwa Rooiwal akhala alikudandaula za Apies. Madzi a m'ngalande ya munda musamwe, ngakhale dzuwa litentha bwanji. A m'thanki kapena a mu mtsinje muwawiritse, ndipo wotsegula m'mimba kolimba apite naye ku cipatala tsiku lomwelo, muli kummwetsa madzi owiritsa a mcere ndi shuga panjira.